Msewu wa Akwati

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbukira, koma mpanda ndimaukumbukira. Kwathu kunali mudzi wa m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku lina tinangomva anthu akuutchula tawuni. Kunabwera chigayo, kunabwera maokala, kenako ogula mapuloti. Aliyense akagula ankayamba ndi mpanda wa njerwa, nyumba pambuyo. Wa kum'mawa anamanga, wa kumadzulo anamanga, wa kutsogolo nayenso anati asatsale. Nyumba ya amayi inatsala pakati, ndipo potuluka tinkadutsa m'kampata kamene munthu wonyamula ndowa ankayendamo cham'mbali ngati nkhanu.

Amayi ankangoseka nazo. Ankati, "Atisunga bwino anthuwa, mbava ifika bwanji kuno?" Mbava sinafikedi. Koma tsiku limene anadwala, ngolo nayonso sinafike, ndipo galimoto ya chipatala inaima kutali kumsewu ikuliza hutala. Machila anakana kukhota m'kampata muja. Azibambo a mumpingo anakwera pamigolo n'kuwadutsitsa pamwamba pa mpanda, atawakulunga m'bulangeti. Amayi anali munthu wodzilemekeza, wosafuna ngakhale bondo lawo lioneke. Ali m'mwamba muja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, tandikokera chitenjechi." Sindinafikire. Anamwalira tisanafike kuchipatala. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Maliro atatha ndinatseka chitseko n'kunyamuka, nditatsimikiza mumtima kuti sindidzakhalanso m'nyumba imene ngolo singafike pakhomo pake.

Ndinayenda. Midzi inkabwera n'kupita, ina ndinkaipeza m'dzinja n'kuisiya m'dzinja lomwelo, ina ndinkangomwamo madzi n'kupeza kuti chimanga chacha. Matawuni aang'ono onse ankafanana. Paliponse panali depoti, padepoti mtengo wa mango, pansi pa mtengo mayi wogulitsa nthochi. Nkhope yake inali imodzimodzi, chitenje chokha ndicho chinkasintha. Ndikatsika ankandifunsa kuti, "Mukupita kapena mukubwera?" Ine ndinkayankha kuti ndikudutsa.

M'tawuni ina ya fumbi ndinapeza bambo wamtali atawerama kuseri kwa makina a miyendo itatu, diso limodzi atatsinzina. Anali a Kandulu, oyeza malo a kukhonsolo. Mphepo inali itawalanda tepi yoyezera, ndipo mbali yake ina inkakwawa m'udzu kubwera kumapazi kwanga.

"Mayi, muli pantchito?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ayi, bambo, ndikudutsa."

"Musanadutse, tagwirani pamenepo."

Ndinagwira. Mmene ndinkaisiya tepiyo, tsitsi la a Kandulu linali litachita imvi.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuona tawuni isanabadwe. Tinkaima pachulu, kutsogolo kwathu kuli minda ndi tchire, iwo n'kumaloza ndi chipewa. "Apa msika. Apo sukulu, ndi bwalo lake lomwe, ana asamamenyere mpira pamsewu. Dambo ilo musalikhudze, ndi la madzi, mukamangamo adzabwera kudzagona nanu. Chigayo chipite uko, kutali ndi chipatala, odwala azipeza tulo." Koma chimene ankachikonda koposa chinali misewu. Ankati msewu uyambe wakhalapo nyumba zisanabwere, ukhale wotakata kuti ngolo ziwiri zipambane, ngalande uku ndi uku. Nditamva zimenezo mtima wanga unakhala pansi. Ndinali ndisanawauze za amayi, koma ndinadziwa kuti ntchito yanga ndaipeza.

Tinakhoma zikhomo zamitengo, zopaka penti yofiira, mizere iwiri yowongoka kuchokera kumsika mpaka kusukulu. Tinapita kwina. Titabwerera mvula itatha, tinapeza zikhomo zonse palibe. Mayi wina anatithamangira akuwomba m'manja.

"Ndinu aja a nkhuni zofiira? Zikomo kwambiri, zinali zouma bwino. Zina tinamangirira mbuzi. Mubweretsanso liti?"

Pakati pa msewu wathu panali pataima kanyumba kometera tsitsi, tchalitchi cha udzu ndi chimbudzi chatsopano chokhala ndi loko. A Kandulu anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinapsa mtima, ndinafuna kugwetsa chimbudzicho ndi manja. Iwo anapukuta misozi nati, "Musawade. Munthu akaona malo a udzu, amaona malo opanda mwini. Tiyeni, kutsogoloku kuli matawuni ena."

Tawuni yachiwiri inali pamlatho. Mayi wa nthochi anali atafika kale, atavala chitenje cha nsomba. Kumeneko ndinaphunzira kupeza malo a depoti. A Kandulu anati tisakhome kanthu, tingokhala pamthunzi tizionerera. Tinakhala masiku a msika angapo tikudya chinangwa chootcha, kuona pamene maminibasi amaima okha, pamene amayi amatula mitolo, pamene akabaza amadikira. Ndinagona tulo ta masana pamthunzi umenewo, ndipo podzuka ndinapeza kutsidya kwamera nyumba za malata zimene kunalibe. Sindinadabwe. Matawuni amenewa amakula munthu akangophethira.

Ulendo uno tinakhoma zitsulo. Tinati tione amene angasonkhere moto chitsulo. Titabwerera, mnyamata wa kabaza anandikweza panjinga yake kwaulere, akuimba muluzu.

"Amayi, mukumva bwanji pakaliyala pamenepo? Ndi zitsulo zanu zimenezo. Owotcherera anatipangira tonse pasiteji. Anthu awiri onenepa, osapindika!"

Zotsala zinali zitasanduka mbaula. Ndinakwiya theka la ulendo, theka linalo ndinaseka, chifukwa kaliyalayo analidi wabwino.

M'tawuni yachitatu, ya pamphambano, tinaumba miyala ya simenti, imene oyeza malo amaitcha mabikoni. Inali yolemera moti umodzi tinkaunyamula awiri. Tinaikwirira m'nthaka, mutu wokha kuonekera. Koma amayi ophika thobwa m'migolo anali atasowa mafuwa olimba kwa zaka zambiri, ndipo Mulungu anali atawayankha. Ina azibambo anaikumba n'kumakhalira pabawo. Thobwalo anatipatsako, ndipo linali lokoma, sindinganame.

Tikumwa thobwa limenelo, a Kandulu anandilozera kanjira kopita kumjigo. Kanali kokhotakhota pakati pa nyumba, ndipo palibe amene anamangapo. Nyumba ina ngodya yake inachita kupindika kuti kanjirako kadutse.

"Mwaona?" anatero. "Chikhomo amazula, koma pamene papita mapazi amapaopa. Munthu wotseka njira anzake samusiya, amamunena mpaka pamaliro pake."

"Nanga bwanji n'kakang'ono chonchi?"

"Taonani mmene timayendera."

Ndinayang'ana. Banja lina linkachokera kumunda: bambo patsogolo, mayi pambuyo, ana pambuyo pa mayi, galu kumapeto. Tonse timayenda choncho, mondondozana, ngakhale malo atakhala ochuluka bwanji. Njira imatuluka ya munthu mmodzi, ndipo omanga amasiya malo a munthu mmodzi yemweyo. Ndinazindikira kuti kampata ka kwathu kaja sikanapangidwe ndi anthu oipa mtima. Tinakayeza tokha ndi mapazi athu, ine ndi amayi. Tsiku limenelo ndinawauza a Kandulu zonse. Anavula chipewa, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kunditchula mayi, anayamba kunditchula mwana wanga.

Tinadutsa matawuni ena amene sindingawasiyanitse. Kenako tinafika m'tawuni imene inali isanasankhe ngati ndi tawuni kapena mudzi. Kumunsi kunali depoti, msika ndi tchalitchi. Kumtunda, patali ndithu, kunali chipatala chatsopano. Pakati ponsepo panali minda imene eni ake anali atayamba kuidula mapuloti. Khonsolo inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, a Kandulu anatambasula mapu, ndipo anthu onse anavomera kuti pasiyidwe msewu kuchokera kudepoti mpaka kuchipatala. Amene minda yawo inadyedwa anapatsidwa malo ena. Anawomba m'manja. Ine sindinawombe nawo, chifukwa m'matawuni ena aja ankawombanso m'manja.

Zipangizo zathu ankatinyamulira Faliyoti, mwini ngolo, munthu wamfupi wokonda kulankhula ndi ng'ombe zake, Jamani ndi Sikono. Nkhani zimene ankaopa kundiuza ine ankauza ng'ombezo, mokweza.

"Jamani, ukuona achemwali awa? Amayeza malo a anthu ena okhaokha. Awo okhalapo alibe. Sikono, iwe ukuti bwanji?"

Ndinkadziuza kuti munthuyu ndi wopepera, koma m'mawa ndinkapezeka ndatchera khutu kudikira kulira kwa mateyala a ngolo. Tsiku lina anasiya ng'ombe n'kulankhula ndi ine mwini, kundifunsira ukwati. Ndinamuuza zoona, kuti ndimamufuna, koma sindingakhale m'nyumba imene ngolo singafike pakhomo. Nyumba yake inali pakati pa minda ija, m'mbali mwenimweni mwa mzere wathu. Ngolo ankaidutsitsa m'minda ya anthu akakolola, koma minda imeneyo inali ikutha.

"Ngolo ndili nayo, khomo ndili nalo," anatero. "Chasowa n'chapakatichi."

"Chapakaticho chikatsekeka, ine ndikwera minibasi."

Sanaseke. Anadziwa kuti sindikunena zocheza.

Pasanapite nthawi, a Msulira, amene ankaumba njerwa kudambo, anaotcha uvuni wawo n'kuyamba kututa. Mulu wa njerwa anauunjika pakati penipeni pa msewu wathu, pamene anati pakhala golosale. Pamsonkhano paja analipo, m'manja anawomba nawo. Tinapita kukawaona.

"Bambo, pano ndi pamsewu," ndinatero.

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso pansi pa nsapato zawo. "Mayi, ine maso anga ndi abwinobwino. Ndikuona udzu. Msewuwo ukadzabwera mudzandiuze, ndidzaupatsa moni. Amisiri akubwera mwezi ukaoneka."

A Kandulu anati akalemba kukhonsolo, koma tonse tinkadziwa kuti mmene yankho lizidzafika, khoma lidzakhala litakwera kale, ndipo ena adzakhala atatsatira. Ndinayamba kupinda zovala zanga. Ndinali ndi chisoni chachikulu, chifukwa tawuniyi ndinali nditaikonda, ndi ng'ombe zake zomwe.

Loweruka ndinapita kudepoti kukafunsa za minibasi, koma palibe galimoto imene inkayenda. Ukwati unali utatuluka m'tchalitchi n'kudzaza msewu waukulu wonse. Amayi ankavina atatambasula zitenje, phewa ndi phewa, kuchokera ngalande iyi mpaka ngalande iyo. Ana ankathamanga m'mbali, akabaza ankaliza mabelu, madalaivala ankatukwana kwinaku akugwedeza mapewa. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi ndinkaona anthu akuyenda mondondozana, ndipo ndinali nditaiwala kuti pali tsiku limodzi limene timayenda mbali ndi mbali. Mayi wa nthochi anandikoka dzanja.

"Mukupita kapena mukubwera?"

"Tadikirani kaye," ndinamuyankha, n'kuthamanga.

Faliyoti ndinamupeza akumwetsa ng'ombe. Ndinati, "Ndalola. Koma ukwati wathu sudutsa msewu waukulu. Udutsa m'udzu, kuchokera kutchalitchi mpaka kuchipatala, kenako n'kubwerera pakhomo panu."

Anatembenukira kwa Jamani. "Wamva? Akwatibwi anzawo amafuna galimoto ya maluwa, awa akufuna chisoso m'dilesi." Koma maso ake anali atadzaza misozi, ndipo anavomera ng'ombe isanayankhe.

Abale ndinalibe m'dera limenelo, choncho a Kandulu anakhala ankhoswe anga. Anagwira unkhoswe ngati mmene ankagwirira ntchito ina iliyonse: anafika ndi tepi. M'mawa wa ukwati anamanga zingwe ziwiri, uku ndi uku, kutalika kwa msewu wonse, n'kupachikapo tinsalu ndi maluwa a mapepala kuti zioneke ngati zokongoletsa. Palibe amene anazula chilichonse. Zokongoletsa za ukwati anthu sazikhudza.

Tinatuluka m'tchalitchi dzuwa lili pamutu. Ine ndi Faliyoti tinakwera ngolo ya Jamani ndi Sikono, nyanga zawo zitakulungidwa maliboni. Pambali pathu panayenda ngolo ina yonyamula ng'oma ndi a kwaya okalamba, kuti ngolo ziwiri zioneke zikuyenda pamodzi. Ukwati wa kuno suitanira, ndiye tawuni yonse inabwera. Amayi a mumpingo anatambasuka kuchokera chingwe ichi mpaka chingwe icho. Akabaza anatsogola ndi mabelu, ogulitsa mumsika anasiya mabenchi awo, ngakhale ometa tsitsi anabwera ndi munthu wometedwa mbali imodzi. Udzu unagona. Mapesi anathyoka. Fumbi lofiira linakwera, ndipo dilesi langa loyera linasanduka la mtundu wa chulu, koma sindinasamale. Ndinaona, kapena ndinaganiza kuti ndaona, mayi wa nkhuni zofiira uja, mnyamata wa kaliyala uja ndi amayi a thobwa aja, onse akuvina m'fumbimo.

Kenako nyimbo inazirala. Ng'ombe zinaima. Tinali titafika pamulu wa njerwa, ndipo pamwamba pake panakhala a Msulira atavala jekete, manja atapinda. Anthu anayamba kudzikonza mwachizolowezi, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, kuti alambalale muluwo m'kampata ka m'mbali. Akanadutsa choncho, msewu ukanabadwa ndi kampata pakati.

Mtsikana wina anatuluka m'kwaya. Anali Eneresi, mwana wa a Msulira, amene chinkhoswe chake chinali chitachitika kale. Anagwada m'fumbi pafupi ndi njerwazo.

"Ababa, ine ukwati wanga udzadutsa pati?"

"Udzadutsa kumsewu waukulu, ngati anzako onse."

"Kumene madalaivala amatukwana kuja? Ine ndikufuna kuno. Ndikufuna ngolo ziwiri ngati awa. Kapena mukufuna apongozi anu adzayende cham'mbali, akukhula jekete kukhoma la golosale yanu?"

Anthu anaseka, koma mwaulemu, chakumbali. A Msulira anayang'ana kumunsi, kumene tinachokera. Udzu kunalibe. Kunali msewu wofiira, wotakata, wowongoka mpaka kudepoti, ndipo pakati pake mkazi wawo yemwe ankavinabe yekha, osadziwa kuti nyimbo yatha. Kenako a Msulira anatsika, anavula jekete n'kumupatsa Eneresi.

"Ndinati ukadzabwera ndidzaupatsa moni," anatero. Anatola njerwa imodzi n'kuipereka kwa munthu amene anali pafupi. "Koma musandiswere! Woswa njerwa agula!"

Ng'oma inayambanso. Njerwa zinayenda m'manja m'manja, motsata nyimbo, kudumpha chingwe n'kukaunjikidwa kunja kwa msewu. Amayi ankazivinitsa kaye pamutu asanazipereke, a Msulira n'kumathamanga uku ndi uku akukuwa. Ine ndinatsika pangolo ndi dilesi langa n'kunyamula nawo. Ndinalira ndi chimwemwe, poyera, osabisa. Tinafika kuchipatala, anamwino anatuluka kudzaimba nthungululu, ndipo pobwerera anthu anati nyimbo sizinathe, choncho tinaupondanso msewuwo kachiwiri.

Eneresi anadutsa momwemo chaka chomwecho. Atatha iye, mkwatibwi aliyense m'tawuni anafuna kudutsa momwemo, ndipo bambo aliyense wa mwana wamkazi anasanduka mlonda wa msewu. Munthu akangotula mchenga mopitirira mzere, anzake ankamufunsa kuti, "Kodi inu simudzakwatitsa?" M'dzinja, maukwati akachepa, ngolo ndi njinga zinkaletsa udzu kumera. Patapita nthawi a khonsolo anabwera ndi makina kudzasalaza ndi kukumba ngalande, ndipo anapeza kuti chotsala n'chochepa. Pamapu analemba dzina lina lalitali, koma akabaza amati Msewu wa Akwati, ndipo ukatchula la pamapu akusocheretsa. Golosale ya a Msulira inaima m'mbali mwake, ndipo iwo amauza alendo kuti nzeru ya msewuwo inali yawo. Ndimawasiya.

A Kandulu anapitiriza ulendo. Ananyamula makina awo a miyendo itatu, ndipo akuti m'tawuni iliyonse imene akufika amayamba wafunsa ngati kuli amene akufuna kukwatira. Ndinawaperekeza kudepoti. Mayi wa nthochi anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anangonditambasulira nthochi imodzi osafunsa kanthu.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso. Nyumba zinamera mbali zonse ziwiri, ndi mipanda yake yomwe, koma zonse zinaima kuseri kwa ngalande. Tsiku lina m'mawa, ndikusesa pabwalo, mwana amene ndinali naye m'mimba anati nthawi yakwana. Faliyoti anasokonezeka mutu, goli analimanga chozondoka, ndipo Jamani anachita kumudikira kuti akonze. Kenako ndinamva mateyala akubwera. Sanaime kutali. Anafika mpaka pakhonde, moti nditatuluka pachitseko ndinangoponda kamodzi n'kukhala pamatiresi amene anayala m'ngolomo. Palibe amene anandinyamula.

"Mukulira? Zawawa kwambiri?" anafunsa Faliyoti.

"Ayi. Tiyeni."

Ngolo inakhota bwinobwino n'kulowa mumsewu. Kutsogolo kunkabwera ngolo ina ya mchenga, ndipo tinapambana osaima. Mphepo ya kumtunda inakweza nsalu yanga pang'ono. Ndinatambasula dzanja, ndinakoka chitenje ndekha n'kuphimba mawondo, ndipo ndinati chamumtima, amayi, ndafikira.